Mizere Yokwera Chakumanzere

"Mwamuitanira apolisi? Ebbe?"

"Ndaitanira wakuba. Ngati dzina lake ndi Ebbe, si ine ndinamutcha."

"Bambo, munthuyu wakugwirirani ntchito yokoka shuga zaka zinayi."

"Ndiye kuti wakhala zaka zinayi akuona pomwe ndimapachika kiyi wa bokosili."

Majken anamenyetsa phazi pansi, chipale cha kunsapato n'kumwazika pa matabwa. Anali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi. Sukulu anamaliza m'chilimwe, ndipo chimalizireni ankaona ngati aliyense m'tauni ya Gränna amachita zinthu pang'onopang'ono dala kuti amupsetse mtima. Koma lero bambo ake, a Sixten Rydell, amene ankatha mphindi zisanu akungomanga epuloni, anali ataweruza munthu khofi asanazizire n'komwe.

Pakati pa awiriwo, pa kauntala, panali bokosi lagalasi lotsegula. M'katimo, pa kansalu kobiriwira, munagona switi yoyera ya mizere yofiira, yaitali ngati mkono wa mwana, yopinda kumutu ngati ndodo ya m'busa. Banja lonse linkaitcha ndodo ya Hedvig.

Hedvig anali agogo awo a Sixten. Mwamuna wake atamira m'nyanja, anatsala ndi ana atatu, mphika wamkuwa ndi ngowe yachitsulo kukhoma. Anayamba kuphika shuga ndi madzi ndi viniga, n'kudontheza mafuta a minti, monga ankachitira ophika maswiti onse a m'tauniyo. Ndodo zawo zinali zowongoka. Koma chaka china mlendo wina anamusimbira kuti kwawo ku Jeremani amati mtsogoleri wa kwaya ndiye anayamba kupinda maswiti ngati ndodo za abusa, kuti ana atseke pakamwa m'tchalitchi. Kaya zinali zoona kaya zabodza, Hedvig anapinda zake kuti anthu azikoloweka pa mtengo wa Khrisimasi. Zonse zinagulidwa kupatula imodzi. Imodziyo inali itagona m'galasi zaka zoposa zana limodzi, ndipo bokosilo linkatsegulidwa kamodzi pachaka, Lamlungu loyatsa kandulo yoyamba ya Khrisimasi. Anthu ankafola kudzaiona, kenako shuga woyamba wa nyengoyo ankakokedwa pa ngowe pawindo, ana n'kulandira tizidutswa tikadali totentha.

Lamlungulo linali lero. M'mawa a Sixten anatsegula bokosilo kuti asinthe kansalu, ndipo fungo la minti linabuka ngati ana otuluka m'kalasi. Linadzaza sitolo yonse. Majken anaona bambo ake akuvula chipewa pang'onopang'ono, maso atadzaza misozi, ngati munthu amene wamva mawu a wakufa akumuitana dzina. Iyenso tsitsi linamunyerenyetsa. Anakhala choncho mwina mpweya utatu. Kenako a Sixten anakumbukira zimene wophika aliyense amadziwa: shuga wa zaka zana sanunkhira kalikonse. Wina anali atachotsa ndodo yeniyeni n'kuikapo yatsopano.

"Tayang'ana mizereyi," anatero tsopano, chala chili pamwamba pa switiyo. "Ikukwera kupita kuti?"

"Chakumanzere."

"Ngati ya agogo. Agogo anali amanzere. Tembenuza ndodoyi mmene ungafunire, mizere siisintha njira. Ife a Rydell tonse otsatira ndife amanja, mizere yathu imakwera chakumanja. Ine ndinayesapo kupotokola chakumanzere, inatuluka ngati njoka yopondedwa ndi galimoto. M'nyumba muno wamanzere alipo mmodzi, Ebbe."

"Nanga angabe chifukwa chiyani?"

"Bambo uja wa ku Stockholm wogula zinthu zakale, amene ndinamukaniza ndodoyi mwezi watha. Anakamwa khofi ndi yani?"

Majken anayang'ana kwa azakhali ake a Gunvor, mlongo wamkulu wa bambo ake, amene anakhala kumapeto kwa kauntala akukulunga maswiti m'mapepala monga ankachitira tsiku lililonse kwa zaka makumi asanu. Azakhaliwo sanadzutse mutu.

"Wapolisi afika thwelofu koloko kuchokera ku Jönköping," anatero a Sixten. "Anthu akamabwera, mnyamatayo akhale atatuluka. Ndipo m'tauni muno palibe adzamulolenso kugwira ngowe."

Wotchi ya kukhoma inkati kwangotsala ola limodzi ndi theka.

* * *

Ebbe anali m'chipinda chophikira, atakhala pa thumba la shuga, miyendo yake yaitali itasowa pokhala. Majken ankati akamuyang'ana, pamtima pake pankachita ngati shuga amene wayamba kuwira m'mphepete mwa mphika. Lero analibe nthawi ya zimenezo.

"Ndiuze kuti si iwe."

"Si ine."

"Ukunena ngati ukudandaula."

"Ndikudandauladi." Ebbe anatambasula zikhatho zake zolimba ngati chikopa. "Bambo ako anandiikira switi ija pamphuno kuti ndivomere. Majken, ndikanakhala kuti ndinapanga ndine, ndikanakwera padenga kukauza tauni yonse. Unaona kuwala kwake? Shuga akachoka pamoto amakhala wachikasu ngati uchi. Umamukoloweka pa ngowe, kukoka, kupinda, kuponyanso, mpaka mpweya ulowe, ayere. Ukasiya msanga amakhala wotuwa. Ukachedwa kamodzi kokha amafa, amaoneka ngati choko. Pakati pakepo pali kukoka kumodzi kumene amanyezimira ngati silika. Ine kukoka kumeneko ndimakupeza mwina kawiri pachaka. Munthu uyu anakupeza, kenako n'kudontheza khofi pang'ono kuti ioneke yakale, koma kuwalako osakuwononga."

"Ukuyamikira munthu amene akukutayitsa ntchito."

"Ndikuyamikira manja ake. Mwini wake ndilibe naye mawu."

"Nanga wa ku Stockholm uja?"

"Anandifunsa njira ya kudoko, ndinamulozera, anandigulira khofi ndi banzi. Anayankhula za galu wake ola lathunthu."

Majken anayendayenda m'chipindamo. "Ganiza msanga. Unaonanso chiyani?"

"Sindinaone. Ndinalawa." Ebbe anamwetulira mwamanyazi. "Bambo ako atatembenuka ndinanyambita chala. Muli kautsi. Mbaula zathuzi n'zamagetsi, sizipereka utsi. Shuga uja anaphikidwa pa nkhuni."

Majken anaima. M'nyumba yonseyo ng'anjo ya nkhuni inalipo imodzi yokha, ndipo inali isanayatsidwe chibadwire iye.

* * *

Kutsidya kwa msewu kunali sitolo ya ulusi ya mayi Torborg, amene mpando wawo unali pawindo kuyambira kale. Majken anawapeza akuluka sokosi, magalasi ali kunsonga kwa mphuno.

"Ine za eni sindiyang'ana, mwanawe. Ndili ndi ntchito. Vula nsapato, ukundinyowetsera pansi. Khofi?"

"Ayi, zikomo. Chumuni chathu chakale, chija cha kumbuyo. Mwaonapo utsi masiku ano?"

"Ndingaone bwanji? Maso anga amakhala pa singano. Lolemba."

"Lolemba?"

"Kuyambira cha m'ma naini mpaka pamene basi ya masana inadutsa. Ndinati Sixten akuwotcha makalata a chibwenzi chakale, koma kenako ndinakumbukira kuti Sixten ndinamuona akunyamuka ndi nkhwangwa m'mawa, kukadula mtengo wa Khrisimasi kwa msuweni wake. Komanso angamulembere kalata ndani."

"Analowa ndani m'nyumba?"

"Palibe. Lolemba mumatseka. Usiku wa Lamlungu kunagwa chipale, ndipo pakhomo lanu la m'mbali panali mapazi otuluka okhaokha. A bambo ako, ndi ako." Mayi Torborg anamuyang'ana pamwamba pa magalasi. "Iwe amene unauza anthu kuti ukupita ku Jönköping kukaona sukulu ya unamwino. Basi ya ku Jönköping masiku ano ikukwerera kudoko?"

Majken anamva nkhope ikutentha.

"Ine sindinaone kanthu," anapitiriza mayiwo, singano zikugundana. "Sindinaone mnyamata wamtali akukudikira pangodya. Sindinaone kuti anakugwira ndi dzanja lamanzere. Boti la ku chilumba cha Visingsö linabwerako mdima utayamba, ndipo sindinaone anthu awiri akutsika motalikirana ngati sakudziwana, chonsecho mpango wa mnyamata uli m'khosi mwa mtsikana."

Majken anali atafika kale pachitseko. Ndiye kuti Ebbe anali ndi mboni, ndipo mboniyo inali iye mwini. Kungoti kuti amupulumutse anayenera kuuza bambo ake kuti anawanamiza, kuti unamwino saufuna, ndi kuti amene akumufuna ndi yemwe akumuitanira apolisiyo. Pakati pa msewu mpamene mawu ena a mayi Torborg anamupeza. Mapazi otuluka anali a anthu awiri. Pamwamba pa sitolo pankakhala anthu atatu.

* * *

Chipinda cha Hedvig chinali kumbuyo kwenikweni, kuseri kwa makatoni. Majken anali asanalowemo kuyambira ali mwana, pamene ankakhulupirira kuti usiku mphika wamkuwa umayimba wokha. Anakankha chitseko. Kuwala kwa chipale kunkalowa pa kawindo kakang'ono n'kugwera pa tebulo lamwala. Pa tebulopo panalibe fumbi. Mphika unali utatsukidwa mpaka kuonetsa nkhope. M'ng'anjo munali phulusa latsopano, lofewa.

Ngowe inali kukhoma pomwe Hedvig anaikhomera, yakuda, yosalala pakati pomwe shuga anaidya zaka ndi zaka. Majken anayandikira mwakachetechete ngati ali m'tchalitchi. Kunsonga kwake kunkalendewera kaulusi ka shuga, kopyapyala kuposa tsitsi, kakunyezimira. Wotsukayo sanakaone. Mpweya wa Majken unakagwedeza, ndipo iye anaona ngati chipindacho chapuma naye limodzi, ngati mayi wamasiye uja wangotuluka kumene kukatunga madzi ndipo abweranso.

Kenako anaona chimene chinali pamaso pake. Ngoweyo inamulekeza paphewa. Ngowe za m'chipinda chatsopano zinali pamwamba pa mutu wake. Kuti Ebbe akoke shuga apa akanayenera kugwada. Hedvig anali wamfupi, ndipo amene anasankha ngowe imeneyi anali wamfupinso.

Wotchi ya tchalitchi inagunda kamodzi. Kunatsala theka la ola.

* * *

A Sixten anali panja akusesa chipale pakhomo. M'sitolo munali azakhali a Gunvor okha, tsitsi laimvi litamangidwa bwino, miyendo ikulendewera pa mpando wautali osafika pansi. Majken anakhala moyang'anana nawo, natola switi imodzi yokulunga kale.

"Azakhali, magolovesi mwayamba liti?"

"Kukuzizira."

"Chaka chatha kunkazizira kuposa apa."

"Chaka chatha ndinali wamng'ono."

Majken anagwira nsonga ya pepala n'kuipotokola kuti amasule. M'malo momasuka, pepalalo linalimba. Anali atachita zimenezi kambirimbiri moyo wake wonse, n'kumangoti mapepala a azakhali ndi amakani. Anapotokola mbali inayo, pepala n'kutseguka.

"Mumalemba ndi dzanja lamanja," anatero pang'onopang'ono. "Mumadya ndi lamanja. Koma mapepala mumapotokola chakumanzere."

Manja a azakhaliwo anaima.

"Ndionetseni chikhatho."

A Gunvor anavula golovesi ya kumanzere chala chimodzichimodzi. Pachikhatho panali matuza atatu, ofiira, akuyamba kuuma. Shuga wotentha sakhululukira khungu losazolowera.

"Ndinali ndi zaka khumi ndi zinayi," anatero. "Ndinkabisala kuseri kwa chitseko kuonerera agogo akukoka, atakalamba kale. Iwo ndiwo anandigwira manja kundionetsa. Atamwalira, ndinapanga ndodo zanga zoyamba n'kukaonetsa bambo. Anaziyang'ana, n'kunena kuti sitolo siingagulitse mizere iwiri yosiyana, anthu angayese kuti ina ndi yolakwika. Ndinati, nanga ya m'galasiyo? Anati ijayo ndi yoyera, iwe ndiwe mwana. Anandiphunzitsa kugwira cholembera ndi dzanja linalo, ngowe n'kupatsa Sixten. Ine anandipatsa mapepala."

"Ndodo yeniyeni ili kuti?"

A Gunvor analoza ndi chibwano katoni ya mapepala imene inali pamapazi awo.

"Ndiye mwakhala chete m'mawa wonse Ebbe akutchedwa wakuba?"

"Ndatsegula pakamwa kanayi, mwana wanga. Pakamwa pamene patsekedwa zaka makumi asanu pamachita dzimbiri." Misozi inali m'maso koma mawu sanagwedezeke. "Ndimati ndibwezeretse dzulo madzulo. Koma ndinati ikhale tsiku limodzi lokha, anthu aione. Tsiku limodzi."

Panja galimoto inaima. Chitseko chake chinatsekedwa, ndipo anamva a Sixten akupereka moni.

* * *

Wapolisiyo anali mayi wamtali wa nkhope yotopa. Anagwedeza chipale kunsapato, natulutsa kabuku. Ebbe anaitanidwa, naima pafupi ndi khomo, chipewa m'manja. Panja anthu anali atayamba kale kusonkhana, ana atakanikiza mphuno pagalasi, mpweya wawo ukupanga nkhungu.

"Ndi uyu," anatero a Sixten.

Majken anayang'ana azakhali ake. Milomo yawo inkagwedezeka popanda mawu. Iye sakanathanso kudikira, kudikira sanabadwe nako.

"Switiyo inaphikidwa Lolemba m'mawa m'chipinda chakale. Mayi Torborg anaona utsi. Lolemba Ebbe anali ku Visingsö kuyambira boti loyamba mpaka lomaliza."

"Ukudziwa bwanji? Iwe unali ku Jönköping."

"Sindinapite ku Jönköping, bambo. Ndinali naye."

A Sixten anayang'ana mwana wawo, anayang'ana Ebbe, amene makutu ake anafiira kuposa mizere ya m'bokosi. Wapolisi analemba kanthu, kapena ankangobisa kumwetulira.

"Zimenezo tikambirana," anatero a Sixten, mawu atauma. "Koma ngati si iyeyu, wamanzere wina ndani?"

Mpando wautali unalira. A Gunvor anatsika, anawerama, natulutsa m'katoni chinthu chokulungidwa m'mapepala ambiri. Anayenda nacho m'manja awiri mpaka pa kauntala, anamasula pepala lililonse palokha, naigoneka ndodo ya Hedvig pa kansalu kobiriwira, pambali pa inzake.

Ndodo ziwirizo zinagona ngati mayi ndi mwana wake wamkazi. Kupinda kwa mutu kunali kumodzi. Mizere itatu yofiira, iwiri yonenepa ndi umodzi wowonda, inkakwera chakumanzere mofanana, mpata uliwonse wolingana ndi unzake, ngati anthu awiri akuvina nyimbo imodzi wina ali kutsidya kwa zaka zana. Wapolisi anatsitsa kabuku kake. Ebbe anayandikira osadziwa kuti wayenda.

"Ndi inu," ananong'ona. "A Gunvor, munaleka pa kukoka kwachingati?"

"Sindiwerenga. Amandiuza yekha."

A Sixten anagwira m'mphepete mwa kauntala. "Gunvor. Iwe?"

"Masiku asanu ndi limodzi, Sixten. M'mawa uliwonse umaima apa, n'kuiweramira, n'kuiuza kuti mwadzuka bwanji agogo. Unkapereka moni kwa ntchito ya manja anga, ndipo sunasiyanitse."

"Ukanapanda kuthira minti sindikanadziwa mpaka kufa. Unathiriranji? Palibe akanailawa."

A Gunvor anamuyang'ana ngati wanena zamwano m'tchalitchi. "Ndipange switi yopanda minti? Ndinayesa. Botolo ndinaliika kutali, pa shelefu. Koma shuga atafika pa tebulo dzanja linapita lokha. Yopanda minti ndi kandulo chabe."

Wapolisi anatsokomola. "Ndiye chabedwa n'chiyani kwenikweni?"

"Palibe," anatero a Sixten. "Chinangosamukira m'katoni. Pepani ndi ulendo. Tengani maswiti a ana." Anatembenukira kwa Ebbe, nayang'ana pansi, nayang'ana kudenga. "Ebbe. Ndinalakwa. Epuloni yako ili pomwe unaisiya. Za ku Visingsö sindinaiwale."

"Inde, bwana."

Panja mwana wina anagogoda pagalasi. M'chipinda chophikira shuga woyamba wa nyengoyo anali atayamba kuwira, fungo lake likubwera pansi pa chitseko. Kandulo yoyamba inali pawindo, isanayatsidwe.

A Sixten anayang'ananso ndodo ziwiri zija. Atayankhula, mawu awo anali a kamnyamata kamene kale kankatsatira mlongo wake kulikonse.

"Zaka zonsezi uli pa mpando uwo. Bwanji sunanene? Ukufuna chiyani, Gunvor?"

A Gunvor anavula golovesi inayo, naiika pamwamba pa mulu wa mapepala.

"Ngowe," anatero. "Osati ya kumbuyo. Ya pawindo, lero, anthu akuona. Uitsitse ifike paphewa langa. Ndipo mapepalawa ukulunge ndiwe."